Fair kapena fare? Chingerezi cha pa sikelo ndi pa kontirakiti

Kalata yopita kwa wogula khofi wa kunja ikhoza kukhala yaulemu, yotayipidwa bwino, ya chidindo ndi siginecha ya wapampando, koma n'kukhala ndi mzere woti *we are asking for a fare price*. Kompyuta siika mzere wofiira pansi pa *fare*, chifukwa ndi liwu lenileni la Chingerezi. Kungoti ndi ndalama ija munthu amapatsa kondakitala wa minibasi. Mlembi amafuna *fair*, kutanthauza chinthu chachilungamo, chosapondereza mbali ina. M'khutu mawu awiriwa ndi amodzi, ndipo Angerezi eni ake amawatchula chimodzimodzi. Mawu otere amawatcha *homophones*.

Ife olankhula Chichewa izi si zachilendo kwenikweni. Tikati mtengo wa mango, ukhoza kukhala wokwerapo ana kapena wolipira pamsika. Tikati belo, likhoza kukhala la fodya kapena la kupolisi. Pa mtengo paja timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu pakamwa, polemba n'kufanana. Chingerezi chimatembenuza: pakamwa n'chimodzi, cholembera ndicho chimasiyanitsa. Belo la fodya ndi *bale*, belo yotulukira m'chitokosi ndi *bail*. N'chifukwa chake munthu amene anaphunzira Chingerezi cha malonda pomvetsera pamisonkhano amalankhula bwinobwino, koma akagwira cholembera amapunthwa pa mawu omwewo.

Tiyambe ndi *fair* yemweyo, poti ali ndi msampha wina. *Fair trade*, mawu awiri, ndi ganizo lonse loti mlimi ndi wantchito azipindula ndi thukuta lawo. *Fairtrade*, liwu limodzi loyamba ndi chilembo chachikulu, ndi dzina la bungwe ndi chizindikiro chake chimene chimadindidwa pa paketi. Bungweli ndi Fairtrade International, likulu lake lili ku Bonn m'dziko la Germany, ndipo linakhazikitsidwa mu 1997 pophatikiza mabungwe a m'maiko osiyanasiyana. Loyamba mwa mabungwewo linali Max Havelaar la ku Netherlands, limene linayamba mu 1988 ndi khofi wa ku Mexico. Amene amabwera kudzayendera alimi ndi kupereka satifiketi ndi kampani ina yotchedwa FLOCERT. Ndiye kopaletivi imene ilibe satifiketi isalembe pa thumba kapena pa kalata kuti *Fairtrade groundnuts*, ngakhale ikulipira alimi ake bwino chotani. Ikhoza kunena kuti imatsatira mfundo za *fair trade*, basi. Kuno kwathu alimi a nzimbe a ku Kasinthula ku Chikwawa analandira satifiketiyi mu 2002, ndipo pambuyo pake inafika ku tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, kuphatikizapo esiteti ya Satemwa ndi alimi ang'onoang'ono a Sukambizi, komanso mtedza wa ku Mchinji.

*Ethical trade* ndi m'bale wake koma si mapasa. Ine ndimakonda kumasulira kuti malonda a umunthu. Apa diso lili pa kampani yogula: kodi anthu amene akupanga katundu wake, kuyambira kumunda mpaka kufakitale, akusamalidwa? Bungwe la Ethical Trading Initiative, limene linayamba ku Britain mu 1998, lili ndi mfundo 9 zimene masitolo ambiri a kumeneko amafuna kuti ogulitsa azitsatira, monga kusakakamiza munthu ntchito, kusalemba ana ntchito, ufulu wolowa m'bungwe la antchito, ndi maola osapitirira 48 pa sabata pa ntchito ya masiku onse. Chenjerani ndi chilembo chimodzi apa. *Ethic* ndi khalidwe loyenera, *ethnic* ndi za mtundu wa anthu. Lipoti lonena za *ethnic sourcing* likukamba nkhani ina imene wolembayo sanaiganize n'komwe.

Liwu limene limadzetsa mikangano yambiri m'makalabu ndi *premium*. Anthu amalimva ngati bonasi, ndalama yogawana kumapeto kwa chaka. Kwa a inshuwalansi *premium* ndi ndalama imene iwe ukulipira. Pa paketi ya m'sitolo *premium quality* ndi katundu wapamwamba. Koma *Fairtrade Premium* ndi ndalama yapadera imene wogula amawonjezera pamwamba pa mtengo, ndipo imalowa ku gulu, osati m'thumba la munthu mmodzi. Kwa alimi ang'onoang'ono, msonkhano waukulu wa mamembala, *General Assembly*, ndiwo umavomereza ntchito yake: mjigo, mdadada wa sukulu, mlatho, zipangizo za ulimi, ngakhale kugawana ngati agwirizana choncho. Pa esiteti ndalamayi ndi ya antchito, ndipo imayendetsedwa ndi komiti imene antchitowo amasankha. Pa shuga wa nzimbe *premium* ndi madola 60 pa tani, kapena 80 ngati ndi *organic*, wolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala a m'fakitale. Pa khofi ndi masenti 20 a ku America pa paundi. Mlembi amene wamasulira liwuli kuti bonasi pamsonkhano wayatsa moto umene adzavutika kuzimitsa, chifukwa aliyense amayamba kuwerengera yake.

*Minimum price* ndi yosavuta kumva chifukwa Unduna wa Zamalimidwe nawo umalengeza mitengo yoyambira ya mbewu chaka ndi chaka. Ndi pansi pamene mtengo suyenera kutsika kupitirira. Si *fixed price*. Msika ukakwera, wogula alipire wa msikawo. Ndipo si mbewu zonse zili nayo. Shuga alibe, ali ndi *premium* yokha. Pa khofi wa arabika wotsukidwa, mtengowu unakwera kuchoka pa $1.40 kufika pa $1.80 pa paundi mu Ogasiti 2023.

Pa chiwerengero chimenechi ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi pamene mlimi amaona ngati aberedwa pamene vuto ndi Chingerezi. Choyamba, *pound* iyi si ndalama ya ku Britain. Ndi muyeso wa kulemera, magalamu 454, ndipo amaulemba *lb*. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2, ndiye $1.80 pa paundi ndi pafupifupi $3.97 pa kilogalamu. Chachiwiri, mtengowu ndi wa *green coffee*. Izi sizitanthauza khofi wosapsa. Ndi khofi amene wachotsedwa khungu, wavunditsidwa, watsukidwa, waumitsidwa, wachotsedwanso kakhoko kake, wangotsala kukazinga. Chimene mlimi amathyola n'kubweretsa pa sikelo ndi *cherry*, zipatso zofiira zija. Akachotsa khungu n'kuumitsa amatchedwa *parchment*. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a *cherry* kuti patuluke kilogalamu imodzi ya *green*. Chachitatu, mtengowu ndi *FOB*, chidule cha *free on board*, kutanthauza katundu atakwezedwa kale m'sitima padoko. Ife tilibe nyanja yamchere, ndiye thiransipoti yokafika ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam imachoka pa ndalama yomweyo. Munthu akamva pawailesi kuti khofi ali pa madola pafupifupi 4 pa kilogalamu, n'kuyerekeza ndi zimene walandira pa *cherry*, mtima umauluka. Tiyi nayenso ndi choncho: *green leaf* ndi masamba othyoledwa kumene, *made tea* ndi wotuluka kufakitale, ndipo pamalowa makilogalamu pakati pa 4 ndi 5 a masamba pa kilogalamu imodzi ya tiyi wopangidwa. Musanasaine, funsani kuti mtengowo ndi wa katundu ali pa msinkhu uti.

Pa malipiro pali *minimum wage* ndi *living wage*. Yoyamba ndi imene boma lalamula, ndipo kulipira pansi pake ndi mlandu. Yachiwiri ndi imene ingakwanire banja kudya mokwanira, kukhala m'nyumba yabwino, kuphunzitsa ana, kupita kuchipatala ndi kusungako pang'ono za mwadzidzidzi. Kawirikawiri yachiwiri imakhala pamwamba. Woyendera akafunsa *do you pay a living wage?* ndipo manijala n'kuyankha kuti inde poganiza za ya boma ija, wanena bodza mosadziwa. Polemba, ambiri amaika *leaving wage*, zimene zikumveka ngati ndalama ya munthu amene akusiya ntchito.

*Child labour* si ntchito iliyonse imene mwana wagwira. Mwana wothandiza kusenda chimanga ataweruka kusukulu sali m'gulu limeneli. Liwuli limanena za ntchito imene ikumulepheretsa sukulu, yoposa msinkhu wake, kapena yoika moyo wake pachiswe, monga kupopera mankhwala ndi kusoka fodya wamuwisi. Nkhaniyi si yongolemba pa fomu: mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi aziimitsidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani za *forced labour* ndi *child labour*, ndipo makampani anayenera kupereka umboni kuti fodya wawo alibe banga limenelo. Zindikiraninso kuti a ku Britain amalemba *labour*, a ku America *labor*. Zonse n'zolondola, koma sankhani imodzi m'kalata yonse.

Tsopano tipite pa shedi yogulira mbewu, pamene pamalembedwa malisiti. Pa sikelo pali mawu atatu: *gross*, *tare* ndi *net*. *Gross weight* ndi kulemera kwa thumba ndi mbewu zake. *Tare* ndi kulemera kwa thumba lopanda kanthu. *Net weight* ndi mbewu zokhazokha, ndipo ndi imene imalipiridwa. *Tare* amamveka chimodzimodzi ndi *tear*, kung'amba, ndiye kalaliki wolemba *tear 0.2 kg* akuoneka ngati akunena za thumba long'ambika. Magalamu 200 pa thumba akuoneka ochepa, koma pa matumba 400 ndi makilogalamu 80, kuposa thumba ndi theka. *Weight* ndi kulemera, *wait* ndi kudikira. *Weigh* ndi kuyeza pa sikelo, *way* ndi njira. Njira yokumbukira ndi yoti mawu a pa sikelo ali ndi *gh* pakati, zilembo zimene sizimveka koma zikulemeretsa liwulo.

Choopsa kwambiri pa shedi ndi *tonne* ndi *ton*. Amatchulidwa mofanana. *Tonne* ndi makilogalamu 1,000, matumba 20 a makilogalamu 50. *Ton* ya ku America, imene amati *short ton*, ndi makilogalamu 907. Palinso *long ton* ya ku Britain ya makilogalamu 1,016. Tiyerekeze kuti kontirakiti ikuti matani 20. Ngati ndi *tonnes*, ndi makilogalamu 20,000. Ngati ndi *short tons*, ndi 18,140. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 1,860, matumba 37 athunthu. Lembani *metric tonnes* kapena *MT*, ndipo pambali pake ikani makilogalamu m'manambala.

Mawu ena a kumunda ndi osavuta, ndingowadutsa. *Maize* ndi chimanga, *maze* ndi njira zosokoneza. *Bean* ndi nyemba, *been* ndi ka mneni kaja ka mu *have been*. *Flour* ndi ufa, *flower* ndi duwa. *Sow* ndi kufesa, *sew* ndi kusoka, ndipo pa thumba pamafunika onse awiri. *Cereal* ndi mbewu za mtundu wa chimanga ndi mapira, pamene *serial number* ndi nambala ya pa lisiti. *Wholesale*, kugulitsa mopikulitsa, imayamba ndi *whole*, chathunthu, osati *hole*, dzenje. *Sale* ndi kugulitsa, *sail* ndi kuyenda kwa chombo, ndipo m'kalata ya katundu wopita kunja mukhoza kukumana ndi *date of sale* ndi *sailing date* pa tsamba limodzi, masiku awiri osiyana.

Mu ofesi ndi momwe muli mawu amene amaluma. *Principal* pa ngongole ndi ndalama yeniyeni imene munakongola, musanaonjezepo chiwongoladzanja. *Principle* ndi mfundo yoyendetsera zinthu. Bungwe la World Fair Trade Organization lili ndi *principles* 10. *Waive* ndi kukhululuka kapena kusiya ufulu wako, *wave* ndi kubayibitsa. Chiganizo choti *the seller waives the right to claim* chikutanthauza kuti mwavomera kusadzadandaula, ndiye musachiwerenge mothamanga. *Profit* ndi phindu, *prophet* ndi mneneri. *Cheque* ndi cheke cha kubanki, *check* ndi kuona ngati zili bwino, ngakhale a ku America amalemba *check* pa zonse ziwiri. *Stationery* ndi mapepala ndi zolembera, *stationary* ndi chinthu chongoima. Mu bajeti mumafunika ya *e*, ndipo *envelope* ikukumbutsani. *Council* ndi khonsolo, *counsel* ndi uphungu kapena loya. Pa Chingerezi cha ku Britain, chimene timaphunzira kusukulu, *licence* ndi chiphasocho, *license* ndi kupereka chiphaso. *Practice* ndi dzina, *practise* ndi mneni. Tsanzirani *advice* ndi *advise*, amene amamveka mosiyana: wa *c* ndi chinthu, wa *s* ndi kuchita.

Pali awiri amene safanana kwenikweni koma amasokoneza pafupifupi aliyense: *ensure* ndi *insure*. Wogula akalemba *please ensure the bags are dry* akuti onetsetsani kuti matumba ndi ouma. Akalemba *the buyer will insure the cargo* akuti iye ndiye alipire inshuwalansi. Lole ikagwa pa msewu wa ku Beira, chilembo chimenecho ndicho chimanena amene aluze.

Kenaka pali gulu la mawu amene kwa Mngerezi ndi osiyana, koma m'khutu la ife amafanana.  M'Chichewa *l* ndi *r* ndi liwu limodzi. Malamulo a kalembedwe amangoti *r* ibwere pambuyo pa *i* kapena *e*, ndipo munthu akati kulila m'malo mwa kulira palibe amene amasokonezeka. M'Chingerezi zimasintha tanthauzo. *Collect* ndi kutolera, *correct* ndi kukonza. Woyendera akapeza cholakwika amalemba *non-conformity*, ndipo gulu liyenera kuyankha ndi *corrective measure*, njira yokonzera. Ambiri amalemba *collective measure*, zimene zikumveka ngati chinthu chochitira pamodzi, ndipo poti ndi kopaletivi, woyenderayo akhoza kukhulupirira kuti ndi zimene mukutanthauza. *Load* ndi katundu wa pa lole, *road* ndi msewu. *Fresh* ndi chatsopano, *flesh* ndi mnofu. *Royalty* ndi ndalama yolipira mwini chinthu pochigwiritsa ntchito, *loyalty* ndi kukhulupirika.

Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chingerezi chili ndi oposa 10. Ndiye *ship* ndi *sheep* timazimva mofanana, chimodzimodzi *fill* ndi *feel*, *cheap* ndi *chip*, *staff* ndi *stuff*, *cost* ndi *coast*. Lipoti loti *we trained our stuff* lanena kuti munaphunzitsa katundu. *Price* ndi mtengo, *prize* ndi mphotho. *Lose* ndi kutaya, *loose* ndi chosamanga, monga tiyi wosaikidwa m'timatumba. *Cease* ndi kusiya, *seize* ndi kulanda, ndipo m'kalata ya a kasitomu kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Palinso *borrow* ndi *lend*. Ife timati kubwereka ndi kubwereketsa, tsinde limodzi, ndiye pakamwa pamatuluka *the bank borrowed us money*. Banki imachita *lend*, inu mumachita *borrow*. Pa pepala la ngongole *lender* ndi mwini ndalama, *borrower* ndi wokongola.

Nanga munthu aziphunzira bwanji? Kuloweza mndandanda wa m'buku sikuthandiza kwenikweni, chifukwa pakutha pa sabata mawu aja amasakanikiranso. Chimene chimagwira ntchito ndi kutenga mapepala enieni a gulu lanu: kontirakiti yakale, buku la malisiti, lipoti la woyendera, maminitsi a msonkhano. Gulani kope la masamba 40 kapena kuposa. Tsamba lililonse likhale la mawu awiri okha. Kumanzere lembani chiganizo chochokera pa mapepala aja, monga *tare weight is 200 g per bag*. Kumanja lembani chiganizo cha mnzake uja, *do not tear the label*. Pansi pake tanthauzo m'Chichewa, m'mawu anuanu. Liwu lisakhale lokha, lizikhala ndi anzake amene limayenda nawo: *fair price*, *bus fare*, *net weight*, *principal and interest*, *sailing date*. Mutu umagwira msanga mawu awiri oyendera limodzi kusiyana ndi limodzi loima palokha.

Mawu asanu pa sabata ndi okwanira. Lachisanu pemphani mnzanu akuwerengereni ziganizozo mokweza inu mukulemba, ngati sipeling'i ya ku pulayimale. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa diso limazindikira liwu limene dzanja silingathe kulilemba. Zimene mwalakwa zibwererenso sabata yotsatira. Pa mawu a *l* ndi *r* ndi a mavawelo, gwiritsani ntchito foni: madikishonale a pa intaneti monga a Cambridge ndi Oxford ali ndi kabatani kotchula liwu. Mverani *collect* kenaka *correct* kangapo, dzijambuleni mukutchula, muyerekeze. Pa *l* nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano a m'mwamba. Pa *r* ya Chingerezi siigunda paliponse.

Kalata yofunika isatuluke tsiku limene yalembedwa ngati nthawi ilipo. Igone, m'mawa muiwerenge kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera kumayambiriro. Mukatero mutu sutengeka ndi nkhani, umayang'ana liwu lililonse palokha. Pa kompyuta gwiritsani ntchito kabokosi kofufuzira mawu, mufufuze amene mukudziwa kuti amakupunthwitsani: *fare*, *ton*, *stuff*, *collective*, *loose*. Pa WhatsApp chenjerani ndi foni imene imakonza mawu yokha, chifukwa imasankha liwu lofala, osati la malonda. *Tare* imatha kumusandutsa *rate* kapena *take*.

Pa foni ndi wogula, manambala ndi amene amavuta kuposa mawu. *Thirteen* ndi *thirty*, *fifteen* ndi *fifty*, *sixteen* ndi *sixty* amangosiyana pa malo otsindika, ndipo netiweki ikamadukaduka kusiyanako sikumveka. Matani 15 ndi matumba 300, matani 50 ndi matumba 1,000. Bwerezani nambala iliyonse chilembo chimodzichimodzi, *one five* kapena *five zero*, ndipo mukangodula foni tumizani uthenga wolemba zimene mwagwirizana: kuchuluka m'makilogalamu, mtengo ndi ndalama yake, kaya ndi madola kaya makwacha, msinkhu wa katundu, malo operekera ndi tsiku. Tsikulo lembani mwezi m'mawu, chifukwa 03/04 kwa ife ndi kwa a ku Britain ndi pa 3 Epulo, pamene wa ku America awerenga kuti ndi pa 4 Malichi.